Dzanja la Adalaivala ndi Ulusi Wotsala

Inu amene mwadzuka lero mtima uli pansi, imvani za bambo wina amene abale ake anamulira maliro iye akupuma.

Anthu ankangowatchula kuti Adalaivala, chifukwa anayamba kuyendetsa lole ali mnyamata. Sitiroko inawagwira m'mawa wina akumanga zingwe za nsapato. Potuluka m'chipatala, mwendo wamanzere ankachita kuukoka, lilime linali lolemera, ndipo dzanja lamanzere linangopindikira pachifuwa ngati si lawo. Bambo amene ankakhotetsa lole yodzaza simenti sankathanso kumanga batani la malaya.

Inali nyengo ija masamba amayoyoka, m'mawa kukuyamba kuzizira. Akazi awo ankalawirira kukasita zovala ku hotela, ana awiri ankapita kusukulu, iwo n'kutsala pampando pafupi ndi zenera, bulangete lili m'miyendo. Ankaonerera mphepo ikuunjika masamba pakhomo. Tsache linali pomwepo, koma wolinyamula panalibe.

Komatu chimene chinkawadya moyo sichinali dzanjalo ayi. Anali anthu. Mlendo ankalowa, kukhala moyang'anizana nawo, kenako n'kutembenukira kwa akazi awo: "Kodi agona bwanji? Koma akudya?" Mwiniwake ali pomwepo, makutu ali bwinobwino! Akati ayankhe, lilime n'kuchedwa, mlendo uja wawamalizira kale mawu, n'kumalizanso zolakwika. Khalidwe limeneli ndi loipa, ndipo ambirife timalichita kwinaku tikudziyesa achifundo.

Woposa onse anali achimwene awo aakulu. Bambo amenewa, lole ikuyenda, ana awo anaphunzira ndi thukuta la Adalaivala, ndipo malata a nyumba yawo anabwera pa lole yomweyo. Tsopano anatulukira atavala jekete lawo la kumisonkhano, n'kukhala mwendo pamwamba pa unzake.

"Alamu, kubanja takambirana," anatero achimwenewo, maso ali kwa mayi a pakhomopo. "Munthuyu watha. Kukangozizira kwenikweni tibwera ndi galimoto, akapume kumudzi. Inu muzilera ana."

"Achimwene... ine..." Adalaivala anayesa kulowererapo.

"Mwamva? Mwiniwakenso akuvomereza."

Sanavomereze! Ankafuna kunena kuti ana awo ali pano, mkazi wawo ali pano, ndipo kupuma kwa kumudziko akukudziwa. Kuli kanyumba kakuseri komwe amalume awo anakafera okhaokha, chakudya akuchita kuwasiyira pakhomo. Akazi awo anakana kwamtuwagalu, koma anauzidwa kuti nkhani za magazi a eni si zawo. Adalaivala anagwetsa misozi, ndipo achimwene awo anaiyesa ya chisoni pomwe inali ya mkwiyo.

Kuchipatala namwino anali atawauza kuti azifinya kampira ndi dzanja lofookalo. Kampira m'nyumbamo munalibe. Akazi awo anakwera pampando n'kutsitsa pamwamba pa wadirobu thumba lodzaza fumbi. Munali ulusi wotsala pamene ankalukira ana majuzi ali makanda: kofiira pang'ono, kobiriwira pang'ono, kena kotuwa kosadziwika mtundu. Anakulunga kampukutu n'kukalowetsa pakati pa zala zopindikazo.

"Muzifinya aka, bambo a ana. Ndikabwera mundiuze kuti kalira kangati."

Kampukutuko sikanalire. Kanangogwa, n'kugubuduzika mpaka kunsi kwa tebulo, ulusi uli yalaa pansi ponse. M'nyumba munalibe wina woti atole. Adalaivala anatukwana mumtima, n'kuyamba kukoka ulusiwo ndi dzanja lamanja, kuukulunga pa zala zakufa zija. Atamaliza, kanagwanso. Anakulunganso. Tsiku lonse ntchito inali imeneyo, ndipo mawa lake inali yomweyo.

Masabata anadutsa. M'mawa wina, ketulo ikuwira, kampukutu kanati katsetsereke, chala chachikulu cha dzanja lofooka lija n'kukapanikiza. Anakhala duu kuyang'ana chalacho. Sanauze munthu aliyense, poopa kuti mwina maso awanamiza.

Pansi pa thumba lija panali singano ziwiri zolukira. Loweruka akazi awo ali pakhomo, akusoka makatani okhuthala oti atchinge mphepo, Adalaivala anawalozera singanozo.

"Ndi... phunzitse."

Mayiwo anaseka mpaka kugwira nthiti. Atayang'ana nkhope ya amuna awo anasiya kuseka, n'kusendeza mpando.

Chimene chinatuluka koyamba chinalibe dzina. Mbali ina chinali chotambalala, mbali ina chofinyika, pakati pali mabowo olowa chala. Akazi awo anachitembenuza uku ndi uku.

"Abambo, ichi tizichitcha chiyani? Chisoti cha mbuzi?"

"Cho... gwirira... poto."

Madzulo omwewo mayiwo anaphulira poto ndi chinthucho pamaso pa ana, n'kulengeza kuti sichiotcha. Kuchokera pamene anadwala, aka kanali koyamba kuti chinthu chopangidwa ndi manja awo chigwire ntchito m'nyumbamo. Adalaivala anadya mpaka kupempha zina.

Musaganize kuti zinangoyenda myaa. Dzanja lamanzere linkagwira singano pang'ono n'kuitaya, mfundo za mzere wonse n'kupulumuka. Tsiku lina anaponya singano zonse kukhoma, kenako n'kukumbuka kuti wokazitola ndi iwo omwe. Anakwawa pansi bambo wamkulu, akulira, n'kukazitenga. Kumpanda nako kunali a pakamwa. Mnzawo wina wakale anasuzumira n'kufuula kuti, "Adalaivala, lole ija yasanduka masingano?" Munthu woti sanabwere n'komwe kudzawazonda, koma nthawi yodzaseka anaipeza.

Ulusi wotsala sulola zinthu zikuluzikulu. Umatha usanafike patali, ndiye umalumikiza wina wa mtundu wina. Choncho ankaluka tinthu ting'onoting'ono. Analuka chinjoka chachitali chotsekera mphepo kunsi kwa chitseko. Analuka masokosi ogonera a mwana wamkulu, lina lofiira, lina lobiriwira mpaka pachidendene kenako lotuwa. Amayi oyandikana nawo atamva, anayamba kubweretsa zotsala zawo m'timapepala. Akatopa ndi kuluka ankatuluka, tsache atalipanira m'khwapa, n'kukalimbana ndi masamba a pakhomo aja. Ankasesa mokhotakhota, koma pakhomo pankayera.

Zonsezi achimwene aja sankazidziwa, chifukwa sanapondeponso. Anangotumiza uthenga wa tsiku lobwera ndi galimoto.

Tsikulo kunacha ndi chisanu cholowa m'mafupa. Galimoto inaima panja injini ikulira, kusonyeza kuti eni ake sanabwere kudzacheza. Achimwene analowa osagogoda, n'kupeza mng'ono wawo pampando uja, singano zili m'manja, akumalizitsa chipewa cha mwana wamng'ono. Panangotsala pansonga pokha.

"Alamu! N'chiyani chimenechi?" anakalipa. "Mwamusandutsa mkazi mng'ono wanga? Anthu akaona atinena kuti chiyani kubanja kwathu? Longedzani zovala zake msanga."

Taonani manyazi ake a munthu ameneyu. Kukataya m'bale wake m'kanyumba kakuseri sanakuone kuchititsa manyazi, koma chipewa cha mwana.

"Alamu, afunseni eni ake," anayankha mayiwo. "Ali pomwepa."

"Ndifunse chiyani kwa munthu wodwala mutu?"

Atatero anawerama n'kutsomphola chipewacho, n'kusolola singano imodzi. Mfundo zinayamba kumasuka, mzere ndi mzere, ntchito ya masiku ambiri ikubwerera kukhala ulusi wopotanapotana. Anatambasula dzanja kuti asololenso yachiwiri.

Sanaifike. China chake chinawagwira pamkono, gwii! Anayang'ana pansi n'kuona kuti ndi dzanja lamanzere la mng'ono wawo, lomwe lija anauza abale onse kuti linafa. Anakoka, silinasiye. Anakokanso mwamphamvu mpaka jekete linakwinyika, koma zala zinali zitamira m'mnofu. Kunja injini inali ikulirabe.

"Lankhulani... ndi ine," anatero Adalaivala.

"Iwe, tandisiya..."

"Di... kirani. Ndi... malize."

Mawu ankatuluka limodzilimodzi, movutikira, thukuta lili kamukamu pachipumi m'chisanu chonsecho. Koma ulendo uno panalibe amene analimba mtima kuwamalizira.

"Mutu... wanga... uli bwino. Ana anga... ali pano. Sindi... pita." Anapuma kaye, dzanja lili chigwirire. "Bwe... zani... singano."

Achimwene aja, nkhope ili gwa, anaika singanoyo pamiyendo ya mng'ono wawo. Pamenepo m'pamene zala zinamasuka. Anatuluka akusisita mkono, ndipo galimoto inabwerera ndi mpando wakumbuyo wopanda munthu. Akazi a Adalaivala anakhala pansi pomwepo, n'kugwira dzanja lija ndi manja awo onse awiri.

Mukuganiza kuti achimwenewo anapepesa? Ayi ndithu. Mpaka lero amauza anthu kuti kuuma mtima kwawo n'kumene kunamudzutsa mng'ono wawo. Alipo anthu otero, ndipo mukadikira kuti akupepeseni kaye musanayambe kukhala moyo, mudzakalamba muli pampando.

Masana omwewo Adalaivala anatolera mfundo zija imodziimodzi n'kuzibwezera pasingano. Chipewa chinatha, chopendekeka pang'ono, ndipo mwana anapita nacho kusukulu nyengo yonse yozizira.

Sindikunamizani kuti anabwerera pachiwongolero. Sanayendetsenso lole, ndipo mwendo uja amaukokabe. Koma madalaivala anzawo ataona magolovesi osatseka nsonga za zala amene analukira mlonda wa pa hotela ija, anayamba kubwera okha kudzaitanitsa awo. Lero pamalo oimika malole m'mawa wozizira, mukaona chipewa cha mitundu inayi yosagwirizana, dziwani kumene chachokera. Ngakhale woseka pampanda uja anabwera chozemba kudzapempha chake, ndipo anamulukira. Pakhomo paja Adalaivala akudyetsanso banja lawo, ndipo nkhani yokapuma kumudzi palibe amaitchulanso.

Tsono inu amene matenda, ulova kapena pakamwa pa abale pakukhazikani pansi, tamverani. Munthu wina asakulengezereni kuti mwatha, ngakhale atavala jekete lokongola bwanji. Yang'anani chimene chakutsalirani, kaya ndi chala chimodzi, kaya ndi ulusi wosakwana mkono, muyambe nacho lero lomwe. Kwiyani ndithu ngati akuchimwirani, koma mkwiyowo muupatse ntchito yogwira. Zina zonse angakulandeni, koma mtima wokhawo musawapatse, ndipo musautaye.