Sinki ya ku Matero

Anzanga, Chileshe ndinakumana naye pamzere wa simenti mu 1979, nthawi ija chilichonse chinkasowa m'masitolo. Ine ndinkagulira bambo anga, iye n'kundinyamulira thumba mpaka pokwerera basi. Ndibisirenji, ndinagwa m'chikondi tsiku lomwelo.

Anakandionetsa nyumba ku Matero, imodzi mwa zakale zija anamanga azungu ufulu usanabwere. Munkakhala mkulu wake Mwewa, yemwe anali atangomwalira. Mkazi wake wamasiye, a Felistus, anali atapita kumudzi ku Kasama. Makoma ong'aluka, denga lodontha, chimbudzi panja...

"Magdalene, tikonze iyi nyumba," anatero Chileshe. "Tikasiliza, nizakukwatila."

Ndinatunga madzi, ndinaphwanya miyala mpaka manja kutuluka matuza. Tinamata ming'alu, tinakoka magetsi, chimbudzi n'kulowa m'nyumba. Zitseko zakale ndinazipala ndekha chifukwa ndinkazimvera chisoni kuzitaya.

Amayi anga ankandinena. "Iwe, mwamuna sanabwele na kuonekela kwa ise makolo bako, uli busy kumanga nyumba yake?"

Ine makutu gwa!

Tsiku loika sinki kukhitchini ndinaona kuti Chileshe waitsitsa kwambiri, chonsecho ine ndine wamtali ngati nsungwi.

"Ba Chileshe, iyi sinki ili down maningi. Musana uzayamba kunibaba."

"Uzazolowela chabe," anayankha osandiyang'ana.

Ndinaseka. Kupusa kwanga, anzanga!

Penti itauma, ndinapita Loweruka nditanyamula makatani omwe ndinasoka ndekha. Ndinapeza pabwalo padzaza abale ochokera ku Kasama. Azakhali ake a Chileshe anandilandira ndi manja awiri.

"Ndiwe wamene wenze kuthandiza? Zikomo mwana wanga. Chileshe angena m'malo mwa mukulu wake. Nyumba, bana, na mukazi, vonse ni vake manje. Tinapangana pa malilo paja."

Pa maliro paja! Ine n'kuti ndisanamuone n'komwe.

"Ba Chileshe, ni zoona?" ndinamufunsa ataima pakhomo.

"Sorry Magdalene... Sembe ninakuuza, sembe unanisiya. Neka sembe sininakwanise."

Mtima unandiwawa, koma misozi inakana kutuluka. Makatani ndinawasiya pakhonde lomwe ndinalipaka polishi dzulo lake.

Potuluka ndinasuzumira pawindo la kukhitchini. A Felistus, mayi wamfupi, ankatsuka makapu pasinki paja ataima chilili, osawerama ngakhale pang'ono.

Sinki ija anayeza msinkhu wawo, anzanga, ine nditamugwirira tepi yoyezera.