Maliro Opanda Mtembo a Amayi Felesita

Amayi Felesita Sakala anakula akudana ndi apolisi, ndipo chifukwa chake anali nacho. Ali mtsikana wa zaka khumi ndi ziwiri, kumudzi kwawo kuseri kwa Madzimoyo kunafika lole yodzaza apolisi ochokera kutali, ati akusaka anthu ozembetsa chimanga. Chinyanja sankachimva, ndipo sanafunse dzina la munthu aliyense. Anakumana ndi atate ake a Felesita akuchokera kuchigayo ndi thumba la ufa panjinga, n'kuwadumphitsa ngati chule ana awo akuona. Lole itapita, panalibe kokadandaula. Owatuma anali ku likulu, kumene munthu wa kumudziko anali asanapondeko.

Felesita anakula, anakwatiwa ndi Abednego, analima mtedza ndi thonje, anabereka ana anayi. Mulungu anamupatsa mawu akuluakulu, ndiye kumphakati wa Akatolika anamuika kukhala woyambitsa nyimbo pamaliro. Pakamwa pakenso panalibe chitseko. Anthu a midzi isanu atagwirizana zoumba njerwa kuti amange positi ya polisi pafupi ndi msika, iye anakana poyera. "Ndiumbe njerwa zomangira khola la afisi? Ine ayi," anatero, n'kupita kukapalira mtedza wake.

Positi inamangidwabe, zipinda ziwiri, ndipo anabweretsamo wapolisi mmodzi, Simoni Tembo, mwana wa cha ku Tamanda. Anali munthu wamfupi, wolankhula mochedwa, wa njinga yomwe inkaphulika tayala sabata iliyonse. Felesita anatha zaka ziwiri osamupatsa moni. Koma tsiku limene Abednego anamwalira, Tembo anafika kumanda m'mamawa, anavula malaya a yunifomu, n'kulowa m'dzenje kukumba limodzi ndi adzukulu. Amayi ena anamuuza Felesita ali pasiwa. Atakolola, Felesita anatumiza mbale ya mtedza ku positi, ndipo chidani cha zaka zonsezo chinathera pomwepo.

Musaganize kuti anthu ankamutama Tembo. Ankamudandaula tsiku ndi tsiku. Mbuzi ikabedwa Lolemba, iye ankafika Lachinayi akukankha njinga. Mapepala olembapo milandu ankamuthera mpaka kukapempha kusukulu. Komabe ankadziwa kuti wakuba nkhuku wa mudzi uno amagulitsa kwa yani, ndiponso kuti mnyamata wovuta wa mudzi uwo amaopa malume ake ati. Tembo akalakwitsa, anthu ankamupeza kutchalitchi Lamulungu n'kumuuza pamaso. N'chifukwa chake ankamutcha "wapolisi wathu," pomwe ena onse anali "apolisi a boma."

Amene ankadalira kwambiri positiyo anali Ireen, mwana womaliza wa Felesita. Anakwatiwa ndi Tomasi wa kutsidya kwa mtsinje, mwamuna woseka bwino pagulu koma wa dzanja lolemera kunyumba. Ankhoswe anakhalapo kanayi, osaphula kanthu. Ireen anabwerera kwa amake ndi mwana kumbuyo, ndipo Tomasi analumbira kuti adzamutenga, wamoyo kaya wakufa. Tembo anapita yekha kutsidyako, anakhala pansi ndi Tomasi pamodzi ndi malume ake, n'kumuuza kuti tsiku limene adzawoloke mtsinjewo adzagona pasimenti. Tomasi sanawoloke. Koma Ireen anakana kukalembetsa mlandu. "Apolisi amasamutsidwa, amama," anatero. "A Tembo akadzapita, ine ndidzatsala ndi Tomasi."

Mawu akewo sanachedwe kupherezeka. Chaka chomwecho, mtedza uli pafupi kukumbidwa, kunabwera kalata yochokera ku likulu. Mapositi ang'onoang'ono atsekedwe, apolisi onse akasonkhane m'tauni, ndipo amene ali pavuto aziimba nambala ya foni yomwe inalembedwa pansi pake ndi zilembo zikuluzikulu. Amene analemba kalatayo ayenera kuti anali munthu wabwino, koma sankadziwa kuti kumudziko foni imagwira pamwamba pa chulu chimodzi chokha, kuseri kwa dibi la ng'ombe.

Anthu anapsa mtima. Anapita kwa khansala, khansala n'kuwauza kuti nayenso wamvera pawailesi. Analemba kalata, yankho n'kukhala loti zinagamulidwa kale kumwamba. Abambo pamsika ankangopukusa mitu, akuti lero atenga positi, mawa adzatiuza tsiku lobzala ali ku Lusaka konko. Ndiye kunabwera uthenga wochokera kutsidya. Tomasi akuti lole yodzatenga Tembo ikangonyamuka Lachisanu, iye adzabwera, ndipo adzamupeze mkazi wake atamanga kale katundu. Ireen anasiya kudya. Felesita anachita mantha enieni, ndipo mantha akewo anasanduka ukali.

Lachisanu m'mawa anatenga chikwanje, anadula nthambi zaziwisi, n'kuziyala modutsa msewu, mbali ino ya positi ndi mbali inayo. Aliyense wa kuno amadziwa tanthauzo lake. Nthambi pamsewu ndiye kuti pamudzi pagwa maliro, wa njinga atsike, wa chipewa avule, wa galimoto ayende pang'onopang'ono. Mnzake wa kumphakati, amayi Ketilina, anabwera akuthamanga atagwira pamtima.

"Anzanga, mwapenga kodi? Kuyala masamba popanda womwalira ndi malodza! Mufuna kutilaula?"

"Malodza ndi amene akubwera pa lolewo," anayankha Felesita. "Kaitaneni azimayi, abwere atavala zakumaliro."

Ena anakana, ndipo sitingawanene, chifukwa mwambo si chinthu choseweretsa. Koma ambiri anabwera. Anayala mphasa pakhomo pa positi, azimayi mbali yawo, abambo mbali yawo, ndipo Felesita anayambitsa nyimbo. Tembo anaima pakhomo katundu wake ali m'makatoni, akuoneka ngati munthu wofuna nthaka imumeze.

Dzuwa litakwera, lole inatulukira. Woyendetsa wake anali mwana wa ku Kapata, wodziwa mwambo wa kuno, ndipo ataona nthambizo anaima n'kuzimitsa injini. Munatsika bwana wamkulu wa polisi, wamtali, wa nsapato zowala. Anali mlendo kuno, koma kwawo anamulera bwino. Anavula chipewa, anayenda wapansi, anakakhala mbali ya abambo, ndipo nyimbo itatha anafunsa ndi Chinyanja chake chothyokathyoka.

"Pepani, amayi. Watisiya ndani?"

Felesita anadzuka, anamugwira Ireen paphewa.

"Sanatisiye, bwana. Ndi uyu, mwana wanga. Mwamuna wake akudikira kutsidya kuti lole yanu inyamuke. Ndiye tati timulire lero muli pompano, chifukwa tsiku lenilenilo inu mudzakhala muli kutali."

Nkhope ya bwanayo inasintha. Anaimirira n'kunena mokalipa kuti kutseka msewu ndi mlandu, ndipo kunamiza wapolisi ndi mlandu winanso.

"Ndimangeni manje manje, positi isanatsekedwe," anatero Felesita akutambasula manja. "Mukachedwa musowa pondisunga."

Abambo ena analephera kudzigwira, anaseka. Bwanayo anapirira, n'kufotokoza kuti palibe amene akutayidwa, nambala ilipo, galimoto izifika msanga kuposa njinga ya Tembo.

"Imbani nambalayo, bwana, tione," anatero Felesita.

Anatulutsa foni yake, anaikweza m'mwamba, anatembenukira uku ndi uku. Sinagwire. Felesita anamutsogolera, gulu lonse lili pambuyo, kudutsa pamsika, kudutsa padibi, mpaka pachulu paja. Bwana wamkulu anakwera chulu ndi nsapato zake zowalazo, akuterereka, akugwira udzu. Ali pamwamba, Felesita anamufunsa ali pansi.

"Ndiye munthu akumuthamangitsa ndi nkhwangwa, mwana ali kumbuyo, ayambe wafika pamene mwafikapo?"

Foni inali itagwira tsopano, ndipo bwanayo anaimbira akuluakulu ake ali pachulu pomwepo. Analankhula Chingerezi nthawi yaitali, akuloza mtsinje, akuloza msewu. Atatsika anapukuta thukuta n'kunena kuti iye alibe mphamvu yosintha lamulo, koma lero satenga munthu, ndipo akalemba zimene waona ndi maso ake. Lole inabwerera yopanda kanthu. Azimayi anachotsa nthambi zija, ndipo nthungululu zinamveka mpaka kutsidya kwa mtsinje.

Anadikira masabata atatu, mitima ili m'mwamba. Ketilina ankawerenga aliyense wotsokomola m'mudzi, kuopa kuti malodza aja agwira munthu, koma palibe anamwalira. Kenaka kalata inafika. Positi ikhalebe, ndipo awonjezerapo wapolisi wachiwiri, wamkazi. Tsiku limenelo Felesita anavina pamsika mpaka chitenje kumasuka, mayi wa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi chimodzi. Anasangalala kuposa tsiku la ukwati wake, ndipo ananena yekha choncho.

M'mawa mwake akukonzeka zopita kumunda, anaona Ireen wasamba, wavala diresi la kutchalitchi, wabereka mwana. Anamufunsa kumene akupita.

"Ku positi, amama."

"Ndikuperekeze?"

"Ayi, ndipita ndekha."

Felesita anamutsatirabe chapatali, poti mtima wa mayi sumva. Anaima pansi pa zenera la positi atagwira khasu lake. Anamva mpando ukukokedwa, anamva Tembo akutsegula buku, kenaka anamva mawu a mwana wake, osanjenjemera ngakhale pang'ono.

"Bambo Tembo, ndabwera kudzalembetsa mlandu wa a Tomasi. Muone ngati mapepala akukwana, chifukwa nkhani yanga ndi yaitali. Tiyambire tsiku limene anandigulula dzino."