NyaZimba ndi Mbewu za Eni Ake

Kwa Kapichila mukafunsa za a Loyce Zimba, anthu amayamba akanda kaye m'mutu. Koma mukangoti NyaZimba wa mbewu, aliyense akulozerani nyumba ya malata adzimbiri kuseri kwa tchalitchi. Ndi mayi wamfupi, wa mawu aakulu kuposa thupi. Amuna awo, a Danwell, amati anakwatira mkazi wa mutu wouma ngati chitsa cha muwanga. Amanena akuseka, koma amayamba aunguza kaye ngati mwini wake ali pafupi.

Kuuma mutuko sanabadwe nako. Ali ndi ana awiri okha, chaka china cha njala, anakazinga mbewu yawo ya mtedza pang'onopang'ono, lero kambale, mawa kambale, mpaka thumba linagona pansi. Mvula itagwa anzawo anatuluka ndi makasu, iwo n'kungoima pakhomo manja lende. Njala ya chaka chimodzi inasanduka ya zaka ziwiri, ndipo zimawapwetekabe mpaka lero.

Ndiye chaka chija dzuwa linawotcha chimanga chisanabereke, ufa ku Lundazi n'kumakwera mtengo sabata ndi sabata, a NyaZimba anaimirira pa msonkhano wa amayi a mpingo. Anati aliyense amene wakololako timtedza apatule ka mbewu, abwere nako kwa iwo. M'nyumba mwako mbewu sikhalitsa, chifukwa mwana akalira dzanja limapita lokha kuthumba. Amayi asanu ndi anayi anamva. Thumba lililonse analisoka pakamwa ndi kansalu ka chitenje cha mwini wake kuti lisasokonekere, n'kulikweza pathandala kuchipinda. Pangano linali limodzi: mvula isanagwe, thumba silituluka.

Woyamba kubweretsa anali Miriam Mtonga, mayi wa ana anayi, amene a NyaZimba anamulangiza pokwatiwa ndipo ankamukonda ngati wobala okha.

"Amama, olo nibwele nikulila, musanipase," anatero Miriam akuseka.

Kusunga chakudya cha eni pakati pa anthu anjala si ntchito yonenepetsa munthu. Mutu unayamba kuwagunda, mtima kumathamanga popanda wowathamangitsa. Kuchipatala anawauza kuti magazi akuthamanga kwambiri, achepetse maganizo.

"Maganizo ni mchele kansi, kuti nichepeseko?" a NyaZimba anafunsa namwino wa pachipatalapo.

Mankhwala analandira, koma enawo anadzipezera okha. Nkhawa ikawakwera ankapita kudimba, n'kumatunga madzi othirira masamba mpaka mapewa atawawa, uku akuimba nyimbo za kutchalitchi ndi mawu awo aja othawitsa mbalame. Akabwerako ankakhala pansi n'kuwakhuthulira a Danwell zonse za mumtima. Amati chimene chimapha munthu ndi chomeza osatafuna, ndipo a Danwell, ngakhale alibe nzeru zambiri zopereka, makutu ali nawo.

Mwezi wa Okutobala, dzuwa lili paliwombo, Miriam anafika akukankha njinga yopanda katundu.

"Monile, amama."

"Yewo, mwana wanga. Muli uli kunyumba? Khala pansi."

Sanakhale. Anati ana atha masiku atatu akudya mango osapsa ophika. Mwamuna wake, Bwezani, anapita ku Chipata kukafuna ganyu ndipo kuli zii. Kumsika wa Lundazi kunali munthu wogula mtedza, umene kumeneko amati nshawa, pamtengo wabwino.

"Nabwela kutenga nshawa zanga."

A NyaZimba anaimirira pakhomo n'kutsekapo ndi thupi lawo lalifupilo. "Mvula ikalibe kugwa, NyaMtonga."

"Ninalima neka, amama. Si zanu."

"Ni zako. Ndiye chifukwa sinikupasa."

Miriam anagwada pafumbi n'kuyamba kulira, kulira kwenikweni kwa mayi amene wasowa pogwira. Thumbalo linali pafupi, kungolowa n'kulitsitsa, ndipo Miriam akanapita kwawo akuwadalitsa a NyaZimba. Koma ankadziwa kuti ndalama ya thumba limodzi itha mwezi usanathe, mvula n'kudzamupeza alibe chodzala. Anagwira mphuthu ya chitseko osasuntha.

"Tuma bana bazidya kuno," anatero.

Miriam anadzuka, napukuta kumaso ndi chitenje. "Mwana wanga akafa, muzabyala pa manda yake," anatero motsitsa mawu. Anatembenuza njinga n'kumapita osatsanzika.

Mawu amenewo anawalasa. Anazungulira kuseri kwa nyumba n'kulira, ndipo anachita mantha, chifukwa palibe amene akanawatsimikizira kuti sizidzachitika. A Danwell anawapeza komweko.

"Mupaseni chabe, NyaZimba. Ni zake."

"Ananiuza yeka kuti olo alile nisamupase. Uja ananiuza anali na nzelu zake zonse. Uyu wabwela lelo yamutuma ni njala."

M'mawa mwake anagwira nkhuku zawo zinayi, zonse zimene zinalipo, n'kuzimangirira panjinga ya a Danwell. Bamboyo anapalasa mpaka ku Lundazi akung'ung'udza njira yonse, madzulo n'kubwera ndi ufa. Kuyambira tsikulo awiriwo ankadya kamodzi patsiku, ndipo masana aliwonse ana anayi a Miriam ankafika pakhomo. Ufa utatha, a NyaZimba anayamba kusenza masamba a kudimba kukagulitsa mphepete mwa msewu. Tsiku lina kunkakhala phala lokha lopanda shuga, koma tsiku logona ndi njala ana aja sanalionenso.

Mayi wawo yekha sanapondepo. Kutchalitchi anasamukira benchi ina. Akakumana kumjigo, Miriam ankayang'ana chidebe chake ngati muli nkhani yofunika. Anthu nawo, poti pakamwa salipira msonkho, anayamba kunong'ona kuti NyaZimba akufuna kulemera ndi mbewu za anzake. Iwo ankamva, mtima n'kuwawa, n'kunyamula ndowa kupita kudimba. Anapirira choncho masabata asanu ndi awiri.

Mvula inagwa kumapeto kwa Novembala, yambiri, ya tsiku lonse. Kutacha amayi anafika mmodzimmodzi, aliyense kuzindikira kansalu kake, kuseka, kuthokoza. Miriam anabwera pomalizira. A NyaZimba anatsitsa thumbalo okha, lili chisokere, n'kumusenzetsa. Miriam anakhazika bwino katundu pamutu, n'kutuluka osathokoza.

Munda wa Miriam uli m'mbali mwa njira ya kudimba, moti a NyaZimba sangauzembe. Tsiku lina mu Januwale anadutsapo ndi a Danwell. Mtedza unali utatseka mizere yonse, timaluwa tachikasu tili mbuu, mwini wake atawerama akupalira ndi mwana kumsana.

"Mwatandala uli, NyaMtonga?" analonjera a NyaZimba.

"Makola," anayankha Miriam osadzutsa mutu, khasu likupitiriza ntchito.

Awiriwo anayenda kamtunda ndithu. Kenako a Danwell anafunsa ngati zimenezi sizikuwapweteka, munthu amene anamudyetsera ana mpaka khola la nkhuku kutsala lopanda kanthu.

"Chinibaba maningi," anatero a NyaZimba. Anacheuka n'kuyang'ananso mundawo. "Koma mulekeni akalipe. Akalipe ali na nshawa m'munda."