Mmene Abambo Anafolerera Intaneti

Abambo anga anagwira ntchito pansi pa mgodi mpaka tsitsi linachita mbuu, ndipo ntchito yawo inali yochirikiza denga ndi mitengo kuti miyala isagwere anthu. Atapuma pa ntchito, khalidwe lija silinapume nawo. Akalowa m'nyumba ya munthu ankayamba ayang'ana kudenga, moni pambuyo. Kutchalitchi ankakhala pafupi ndi mzati, maso ali m'mwamba, ndipo anthu ankawatama kuti ndi munthu wopemphera, osadziwa kuti akuwerengera mphamvu ya mitanda.

Amayi atamwalira, abambo anangoti zii. Ankakhala pakhonde kuyambira m'mawa, manja pamaondo, kuonerera makorokoza, anyamata okumba golide aja, akupalasa njinga kulowera ku maenje a golide a ku Kitsiyatota. Chakudya ankangochilawa. Ine mtima unali m'mwamba, ndinkaopa kuti tsiku lina ndidzawapeza atatsikira kulichete pampando womwewo.

Nthawi imeneyo sukulu imene ndimaphunzitsa inalibe mphunzitsi wa sayansi. Amene ankatumizidwa ankangoona fumbi lathu n'kukumbukira kuti ali ndi matenda ofuna kukhala pafupi ndi tauni. Kenaka bungwe lina linatipatsa intaneti ya setilaiti, kachipangizo koyera kaphwatalala ngati thireyi ya tiyi, kamene tonse tinkangokatcha mbale. Anaimangirira pa mpanda wachitsulo kuseri kwa ofesi, ndipo mphunzitsi wa ku Harare anayamba kuonekera pakhoma la kalasi, akuphunzitsa ana a Folomu 4.

Mbale yotereyo inafunika mlonda. Ndinapita kwa ahedi kukapemphera abambo ntchitoyo, ndipo ndinawanyengerera mpaka malovu kuuma. Anavomera, koma chala chili m'mwamba: mbale ikangovuta, woyamba kuchoka ndi mlonda.

Abambo anadzuka ngati chimanga chothiridwa feteleza. Anapukuta jombo, anafukula chisoti chawo cha mumgodi, ndipo ankazungulira mbale ija chifuwa chili patsogolo. Anayambanso kutsiriza chakudya ndi kundidzudzula kuti ndiwo zachepa mchere. Sindinasangalalepo ndi kudzudzulidwa ngati masiku amenewo.

Ndiye Loweruka lina kunagwa mvula ya matalala. Abambo anaima n'kumaona matalala akuimenya mbale ija ngati mwana wamasiye, ndipo mtima unawapweteka. Lamlungu sanaoneke kutchalitchi, iwo ndi anzawo akale a mumgodi. Lolemba tinapeza mbale ili mumthunzi: mizati ya bulugamu, mitanda yokhomerera ndi mphero monga amachitira pansi, pamwamba malata. Linali denga loti ng'ombe ikanavina pamwamba pake osaligwedeza.

Ahedi anakondwa zedi. Anaitana apampando a komiti ya makolo, anajambulitsa chithunzi dzanja lili pa mzati, ndipo pa asembule anauza ana m'Chishona kuti sekuru awa, ndiye kuti agogo, ali ndi nzeru zoposa za m'mabuku. Inenso ndinaomba m'manja, mwinanso kuposa onse.

Mphunzitsi wa pakhoma sanaoneke tsiku limenelo. Mawa lakenso kunangoonekera kachinthu kozungulira ngati mbuzi yomangidwa pachikhomo. Ahedi anati ndi mitambo. Apampando anati ndi nsanje ya sukulu ya kutsidya, popeza iwowo alibe mbale. Koma ambiri anagwirizana kuti makorokoza akumba pansi pa sukulu n'kudula mawaya a intaneti. Kwathu kuno chabwino ndi choipa chomwe chimachokera pansi, ndiye palibe anaganiza zoyang'ana kumwamba.

Ahedi atatopa anandituma kuti ndiimbire katswiri amene anatiikira mbaleyo. Funso lake loyamba linali lakuti, kodi mbaleyo ikuona thambo bwinobwino? Pomwepo ndinakumbukira denga lija. Ndinayankha zosamveka, ndipo iye anati abwera mawa lake adzaone yekha.

Kuuza kholo lako kuti lalakwa si ntchito yamasewera. Ndinawapeza masana atakhala pansi pa denga lawo, akulisisita ndi maso. Ndinayamba ndi za mvula, ndinadzera ku za nyamakazi yawo, kenaka ndinalasa.

"Ababa, dengali ndi limene latseka intaneti."

"Aikona," anatero. "Denga lochirikiza bwino silinalakwirepo munthu."

Anandifotokozera kuti chinthu chamtengo wapatali sachisiya pamtetete ngati mbuzi yopanda mwini, kuti wailesi yawo imalankhula ili m'nyumba ya malata, nanga mbaleyi ndi yolemekezeka bwanji. Ine magazi anakwera. Ndinawauza mokweza kuti katswiri akafika mawa ntchito yatha, abwerera pakhonde paja kukawerenga njinga za anthu. Mawu atatuluka ndinalakalaka kuwameza, chifukwa nkhope yawo inagwa.

Ndinakhala pansi pambali pawo. Patapita nthawi ndinayesa njira ina. Ndinati ana ali m'kalasi muja ali ngati anthu a shifiti pansi pa mgodi, mpweya wawo, uthenga wawo ndi chikepe chowatulutsa, zonse zimadzera pakamwa pamodzi kumwamba. Abambo anaiyang'ana mbale ija nthawi yaitali.

"Ndiye kuti mbaleyi ndi shafuti?"

"Eya, Ababa."

"Ndipo ine ndaivundikira ana ali pansi."

Anavula chisoti, anachiika pambali, n'kutenga hamala. Ankazula misomali ngati akudzizula okha mano, koma sanapume mpaka lata lomaliza litatsika. Ine, ndi nzeru zanga za uphunzitsi, ndinawanong'oneza kuti tingonena kuti dengalo lasasuka ndi mphepo. Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi. Anati mumgodi ngozi yobisa imapha shifiti yotsatira, ndipo anavalanso chisoti n'kulunjika ku ofesi. Ndinawatsatira.

Anaima njo pamaso pa ahedi n'kupereka lipoti monga ankachitira kwa kapitawo, Chichewa, Chishona ndi Chilapalapa, chilankhulo cha mumgodi, zonse mumphika umodzi. Anati wolakwa ndi iwo okha, ndipo ngati ndi kuchoka achoka. Ahedi anatsegula pakamwa, kenaka maso awo anagwera pa foni imene inali patebulo. Chithunzi chija, dzanja lili pa mzati, anali atachitumiza kale kwa makolo onse, pansi pake atalemba kuti ndi chitukuko cha utsogoleri wawo. Anatsokomola kangapo. Pomwepo kuchokera m'kalasi tinamva mawu a mphunzitsi wa ku Harare akufunsa ana kumene anasowera masiku onsewa.

Ahedi anati dengalo tinalimanga tonse ngati sukulu, ndipo tonse taphunzirapo. Analamula kuti likaimikidwe pageti ana aziikapo njinga. Lilipo mpaka lero, ndipo ndi nyumba yolimba kuposa zonse pasukulu pathu.

Mvula itabweranso ndinasuzumira pazenera la kalasi n'kuwaona abambo ataima pambali pa mbale, madzi akuyenderera pachisoti, ambulera ili yopinda m'khwapa. Ndinathamanga kukawauza kuti abisale, adwala chibayo, ndipo ngati safuna atambasule ambulerayo.

"Ingatseke shafuti," anatero. "Ngati sindingaifolere, ndinyowa nayo limodzi. Kumgodi sitinkasiya mnzathu yekha."

Ndinafuna kukalipa, koma ndinaleka. Ndinawasiya ali chiimire, nkhope yaloza kumwamba, ndipo aka kanali koyamba kuwaona akuyang'ana m'mwamba osafuna poika mzati.