Njerewere za pa Boyila

Sitima yanga yoyamba ndinaimangira pa tebulo lodyera, m'fulati yathu ya ku Lavington, mumzinda wa Nairobi. Inali kachifanizo chabe ka sitima ya pamtunda, kutalika kwake kunali ngati kuchokera pachikhatho kufika pachigongono. Zidutswa zake anandisiyira mnzanga wa ku ofesi atasamutsidwa: bokosi la tizitsulo tofewa, waya wa mkuwa, ndi pepala la malangizo lomwe theka lake linali litawola ndi chinyezi. Amuna ena akafika msinkhu wanga amayamba kuweta nkhuku kapena kuthamanga m'mawa. Ine ndinayamba kumata tizitsulo ndi guluu, galasi lokulitsa zinthu lili pamphumi. Akazi anga ankati bola zimenezi kusiyana ndi mowa, koma tsiku la alendo tebulo likhale loyera.

Chifukwa chake chinalipo. Bambo anga anagwira ntchito ku shedi ya sitima ku Limbe, nthawi ya sitima za malasha. Ndili mwana ndinkauza anzanga kusukulu kuti ndi dalaivala. Palibe anandiuza zimenezo. Ndinangoganiza kuti munthu wofika pakhomo akununkha utsi sangakhale china. Nditakula ndinadziwa kuti sanali dalaivala, koma sindinafunse kuti nanga anali ndani. Kwathu bambo safunsidwa mafunso ambiri, ndipo iwonso si olankhulalankhula. Ndinkafuna kuti tsiku lina ndidzawaike kasitimako m'manja, iwo adzanene kuti ndi yomweyi, ndi imene ankaidziwa.

Chovuta pa ntchito imeneyi si mawilo ayi, ndi boyila, chithanki chachitali chija chowiritsira madzi. Pamsana pake pamakhala zinthu zambirimbiri, ndipo ukapanda kudziwa ntchito ya chilichonse umangomata poti paoneka bwino. Ndinaphunzira kuchokera pa zithunzi zakale. Ndinadziwa kuti pa malinunda awiri aja, limodzi limasonkhanitsa nthunzi, linalo limasunga mchenga wothira panjanji pakaterera, ndipo la mchenga umalizindikira ndi timapaipi totsikira kumawilo. Ndinadziwa mavalavu otulutsa nthunzi ikachuluka, wenzulo, ndi paipi yolowetsa madzi. Ndinayamba kudzimva, moti pa chakudya ndinkafotokozera akazi anga zinthu zimene sanandifunse.

Chakumbuyo kwa boyila, pamwamba pa ng'anjo, panali mzere wa timatotupa tating'onoting'ono ngati njerewere. Pazithunzi zanga sitinkaoneka, chifukwa ojambula akale ankakonda kutsogolo kwa sitima, komwe kuli chumuni ndi utsi. Ndinati izi ndi zolakwika za kofakitale, chitsulo chinadontha pochiumba. Ndinatenga tupa n'kupala tonse, mbali zonse ziwiri, mpaka pamalopo panasalala ngati mbale. Kenaka ndinapaka penti yakuda, ndipo ndinakondwa nayo ntchito yanga.

Bambo anabwera ku Nairobi chifukwa cha maso. Dokotala atawayeza anati diso lamanzere linapita kale, lamanja likuonabe mbuu, ndipo lidzingoipiraipira. Iwo anangoti, "Chabwino," ngati awauza kuti basi yachedwa. Anatsala ndi masiku asanu kuti abwerere kumudzi, ndipo ndinadziwa kuti ngati sitimayo sangaione ulendo uno sadzaionanso.

Ndinaganiza zoyamba ndi sitima zenizeni, zazikulu. Loweruka ndinawatengera m'tauni, kuseri kwa siteshoni, komwe amasungirako sitima zakale. Tinataya nthawi yaitali pamzere wa magalimoto, maminibasi omwe kuno amati matatu akutidula mbali zonse, makondakitala akumenya zitseko. Bambo anafunsa ngati kuli maliro a munthu wamkulu. Ndinati ayi, n'chimodzimodzi tsiku lililonse.

Sitimazo zaima pabwalo, padzuwa, udzu utamera pakati pa njanji. Ndinawagwira mkono n'kuyamba kuwalozera. Ili ndi linunda la nthunzi, ili la mchenga, awo mavalavu. Ndinkalankhula ngati mwana amene wakhoza mayeso. Iwo ankangoti "Eya" uku akuyenda, osakweza mutu. Titafika chakumbuyo kwa sitima ina yaikulu anaima, nandiuza kuti ndiwathandize kukwera pa kanjira kachitsulo ka m'mbali mwa boyila.

Mlonda wa pamalopo anatiyandikira. "Mzee, pole pole," anatero m'Chiswahili, kuwauza achikulirewo kuti akwere pang'onopang'ono. Ndinamuuza kuti mzee ankagwira ntchito ya sitima kwathu. Anayang'ana mmene bambo anapondera pa sitepe, ndipo anatisiya.

Bambo anayendetsa dzanja pachitsulo cha dzimbiricho mpaka linakafika pa kanthu kena, mutu wa ngodya zinayi wokhala m'kadzenje. Anapeza kachiwiri, kachitatu, mzere wonse. Ine ndili pansi ndinazizindikira nthawi yomweyo. Zinali njerewere zanga zija.

"Mapulagi awa," anatero. "Ukuwadziwa?"

"Ayi, Bambo."

"Potsukira boyila. Ntchito yanga inali imeneyi."

Anafotokoza ali pamwamba pomwepo, mawu ake osakwera. Madzi akamawira masiku ambiri amasiya matope ndi makoko olimba m'kati mwa boyila. Makokowo akachuluka, chitsulo chimapsa, ndipo tsiku lina chimaphulika ndi anthu ali momwemo. Choncho sitima inkalowa m'shedi, moto n'kuzimitsidwa, n'kudikira kuti izizire. Kenaka iwo ndi sipanala yaitali ankamasula mapulagi onse, kulowetsa paipi ya madzi pa bowo lililonse, kukolokosa ndi waya mpaka madzi otuluka pansi ayere. Pomaliza ankayatsa kansanza ka parafini kunsonga kwa waya, kukalowetsa m'bowo n'kusuzumira.

"Pulagi iliyonse ili ndi bowo lake," anatero. "Ukamasula umaziyala pathabwa mwa ndondomeko. Ukasinthanitsa, kapena ukamanga mopingasa, idzafwamphuka ngati chipolopolo sitima ili pa liwiro. Ine sinandifwamphukirepo ngakhale imodzi."

Anatsika, napukuta manja pa buluku. Aka kanali koyamba kuwamva akudzitama, ndipo ndinali nditayamba kale imvi.

Pobwerera ndinakumbukira mwambi uja. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinali nditalidya lonse. Ndinaganiza zongobisa kasitimako, ndiwauze kuti sikanathe. Koma akazi anga anali atakaika kale pakati pa tebulo, pansalu yoyera, monga tinapanganirana m'mawa.

Bambo anakhala pampando wa pafupi ndi windo, pomwe pali kuwala. Anakanyamula ndi manja awiri, kukayandikiza kudiso lamanja, kenaka anasiya zoyang'ana n'kuyamba kupapasa. Chala chinadutsa pa chumuni, pa malinunda, pa wenzulo, osaima. Chitafika pamwamba pa ng'anjo chinapita uku ndi uku. Anatembenuza kasitimako n'kufufuza mbali inayo.

"Yakongola," anatero. "Wachita luso. Koma iyi siingathe mwezi panjanji. Ilibe potsukira."

Ndinawauza zoona, kuti analipo, ndinawapala ndekha ndi tupa poganiza kuti ndi zolakwika. Manyazi anandigwira kwambiri, kuposa tsiku lililonse limene ndinalakwitsapo kuntchito.

Sanakwiye. Anaseka pang'ono n'kubwezera kasitimako pansalu. "Si iwe woyamba," anatero. "Anthu pa siteshoni ankabayibitsa dalaivala. Ife tinkatuluka m'shedi sitima itapita kale." Atatero anapempha tiyi.

Ndinawalonjeza kuti ndiwabwezeretsa asananyamuke, koma sizinatheke. Kabowolero kanga kanali kakakulu kwambiri, ndipo kakang'ono ndinakapeza patapita sabata ziwiri, m'kasitolo ka okonza mawotchi m'tauni. Apo n'kuti bambo ali kale kumudzi kwa mlongo wanga. Ndinabwereranso kosungira sitima kuja ndekha, ndinawerenga mapulagi, ndinayeza mipata yake ndi tepi, mlonda uja atandigwirira mbali inayo. Kunyumba ndinabowola timabowo, ndinadula waya wa mkuwa tizidutswa ngati mitu ya singano, n'kumata kamodzikamodzi. Tiwiri tinagwera pansi ndipo mpaka lero sindinatipeze.

Nditamaliza ndinaimba foni. Chithunzi sichikanathandiza, choncho ndinangowafotokozera. Anafunsa kuti ndaika angati mbali iliyonse, ndinawauza. Anafunsa ngati mzerewo ukutsata phewa la ng'anjo, ndinati inde. Ndinamva kuti akondwa, chifukwa anayamba kufunsa mofulumira.

"Nanga mitu yake? Ndi ya ngodya zinayi? Sipanala imagwira pamenepo."

"Ndi yobulungira, Bambo. Waya ndi wobulungira. Koma ndi tating'ono zedi, palibe angaone."

Mawuwo anatuluka ndisanawaganizire. Kumbali inayo ndinkamva nkhuku ndi wailesi ya oyandikana nawo.

"Inde," anatero bambo. "Palibe angaone."

Anapereka foni kwa mlongo wanga, ndipo iye anayamba kundiuza za mankhwala a m'maso.