Kamtsuko ka Amayi Kanakwera Galimoto

Kamtsuko kaja ndimakakumbukira kuposa nkhope ya bambo anga. Kanali kakuda, pakhosi pake pali mizere ya zala za amayi. Anakaumba okha ndi dothi la kudambo kwathu ku Makhanga, chaka chimene anawapeza ndi matenda a shuga. Ankakaika m'kati mwa nkhali yaikulu, mpata wotsalawo n'kudzazamo mchenga wa kumtsinje. M'kamtsukomo munkakhala timabotolo ta insulini, mankhwala amene ankadzibaya pantchafu m'mawa ndi madzulo. Kuchipatala anawauza kuti mankhwalawo akatenthedwa amatha mphamvu, choncho aziwasunga mufiriji. Firiji ku Makhanga! Kumene mu Okutobala ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa.

Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo ntchito yanga inali kunyowetsa mchengawo katatu patsiku. “Mchenga ukauma, mayi wako wauma,” ankatero amayi. Nkhaliyo inkachita thukuta kunja, koma ndikapisa dzanja m'kati munkazizira ngati m'chitsime.

Chilimwe chimenecho kunayamba kubwera adokotala a kafukufuku, pa galimoto yoyera. Anali munthu waulemu, wa kolala yowongoka. Analemba amayi m'buku lawo, n'kuuza amalume kuti asamavutikenso kupalasa njinga kukatenga mankhwala ku boma, azibweretsa okha. Ankabweradi sabata ziwiri zilizonse. Tsiku limene anaona nkhali ija anagwada pansi, thalauzi lonse fumbi. Anaikamo kachipangizo koyezera kutentha, anafunsa za dothi, za mchenga, za nthawi yothira madzi. Anandijambula ndikuthira. Panopa ndi pamene ndimakumbukira kuti akafika ankayamba kulonjera nkhali, amayi pambuyo.

Mitambo itayamba kusonkhana anatiuza kuti kafukufuku watha. Anasiya timabotolo tiwiri, nati tsopano tizipita kuchipatala monga kale. Kenako anapempha nkhali ndi kamtsuko komwe, kuti akaonetse anzawo kunja. M'malo mwake anatipatsa bokosi lapulasitiki labuluu, lokhala ndi chivundikiro ndi chogwirira. Amayi anawomba m'manja, n'kuthokoza m'chilankhulo chakwathu. “Takhuta, adokotala, takhuta.” Mawu amenewo mpaka lero amandiwotcha pamtima.

Bokosilo linali lofuna ayisi. Munthu wophunzira chotere ankadziwa zimenezo, ndipo ankadziwanso kuti ayisi kwathu tinkangomumva. Ine ndinadzazamo mchenga n'kumathira madzi katatu patsiku monga mwa nthawi zonse, koma pulasitiki sachita thukuta. Ndikapisa dzanja munkakhala mofunda ngati m'khwapa. Amayi anaumba mitsuko ina, koma mvula inali itagwa, dothi silinaume, nkhuni zowotchera zinanyowa. Mankhwala a m'kabotolo kachiwiri anachita timibulu. Ankadzibayabe, poti panalibe china.

Kenako madzi anasefukira, msewu unaduka. Amayi ankamwa madzi ndowa yathunthu koma ludzu osatha. Pamene ataya madzi kuseri kwa nyumba pankadzaza nyerere. Mpweya wawo unkanunkha ngati mango owola. Amalume anasakasaka bwato masiku atatu. Atalipeza, amayi anali atasiya kuyankha, ndipo kutsidya sanafike.

Zaka zambiri ndinkakhulupirira kuti ndinawapha ndine, chifukwa tsiku lina ndinachedwa kumtsinje, mchenga wa m'bokosi n'kuuma pamwamba. Sindinauze munthu. Ndinakula nacho, ndinakwatiwa nacho.

Chaka chatha mwana wanga, amene akuphunzira unamwino, anandionetsa pafoni nkhani imene aphunzitsi ake anawapatsa kuti awerenge. Akuti mlembi wake ndi katswiri wa matenda a shuga, ndipo aliyense wolemba za kasungidwe ka insulini kumalo otentha amatchula dzina lake. Ndinayang'ana chithunzi. Nkhali yathu. Kamtsuko, mizere ya zala ija ikuoneka bwinobwino. Pamwamba pake dzanja la mwana likuthira madzi, lili ndi chipsera cha moto chimene ndili nacho mpaka lero. Ndinati andiwerengere zimene alemba pansi pake. Alemba kuti mbiya yakumudzi. Ndinati afufuze dzina la agogo ake, kapena pamene anenapo kuti woumbayo zinamuthera bwanji. Anafufuza mpaka kumapeto, palibe.

Sindikana kuti nzeruyo yapulumutsa anthu, ndipo amayi akanakondwa. Koma inali nzeru yawo, ndipo munthu sachotsera wodwala ndodo kuti akaonetse anzake mmene inasemedwera bwino.

Tsiku lija kamtsuko ndinakanyamula ndine kupita nako kugalimoto, nditakakumbatira ndi manja awiri. Ndinawakumbutsa adokotala kuti azithira madzi katatu, ndipo anaseka n'kundisisita mutu. Ndinabwerera ndikudumphadumpha, kukauza anzanga kuti kamtsuko ka amayi kakukakwera ndege. Ndinkayesa kuti galimoto ija inkabwerera amayi.