Opala Moto pa Khonde Langa

Mkazi wanga atamwalira, chinthu choyamba kuzima pakhomo pathu chinali chikuni. Zaka zonse zimene tinakhala ku Mbamba Bay, kutsidya kwa nyanja kuno kumene amayankhula Chiswahili, chichokereni kwathu ku Nkhotakota, iye ankasiya chikuni chikunyeka pansi pa phulusa, ndipo m'mawa uliwonse amayi oyandikana nafe ankabwera ndi mapale kudzapala moto. Sikuti machesi kunalibe m'maduka, ndiye kuti m'masitolo. Koma wopala moto sangopala n'kutembenuka. Amaima pang'ono, amafunsa mmene mwadzukira, amanena za mwana amene wagona akutsokomola. Mkazi wanga anali ndi lamulo limodzi lokha: moto sakaniza munthu, ngakhale amene munayambana naye dzulo.

Maliro atatha ndinayesa kusunga chikunicho. Ndinkachikwirira bwino monga ankachitira mwini wake, koma amayi sapala moto kwa mwamuna wokhala yekha. Sindinawaimbe mlandu, anthu amalankhula. Ndinkasesa pabwalo m'mawa, ndipo dzuwa likapendeka mizere ya tsache inkakhala ili momwemo, yopanda phazi la munthu. Patapita miyezi ndinachisiya chikuni chija chizime.

Mwana wanga wamkazi, amene ndi namwino ku Songea, ndiye anandibweretsera foni yagalasi. Anandiikira chimene kuno timati bando, ndiye kuti intaneti yogulira mwezi wonse.

"Baba, ili ndi bando lopanda malire," anatero. "Silitha. Lamulungu lililonse mukaweruka ku tchalitchi tizionana nkhope."

Ndinavomera, koma foniyo inkangokhala m'thumba la malaya ngati mwala wosalala wa m'nyanja.

Tsiku lina mphunzitsi wa kwaya yathu, mkulu mnzanga wa nthabwala zosatha, anadutsa pakhomo ndi amayi awiri a m'kwayamo. Mmodzi anali mayi wogulitsa usipa wouma, wochokera ku Malawi ngati ine, amene kale ankapala moto kwa mkazi wanga. Ankadandaula kuti bando lake latha asanamve nyimbo yatsopano imene mphunzitsiyo anawatumizira. Mphunzitsiyo anaona foni ikusuzumira m'thumba langa.

"Achimwene, chuma chonsechi mukuchiikira mazira? Tabweretsani kuno."

Anadinadina pagalasipo n'kundibwezera. Anati tsopano foni yanga ikugawira mafoni ena intaneti, aliyense woima pafupi atha kutapako akadziwa mawu otsegulira. Atandifunsa mawu oti aike, ndinatchula nambala ya nyimbo imene mkazi wanga ankaikonda m'buku la nyimbo, ndipo iye anaibwereza katatu kuti ikwane.

"Nanga changa sichichepa?" ndinafunsa.

"Moto umachepa wina akapalako?" anatero.

Yankho limenelo linandilowa mumtima, ndipo sindinafunsenso china. Kulakwa kwanga kunayambira pomwepo. Intaneti ija ndinaiyesa moto.

Mlungu usanathe, pakhonde panga panali anthu. Amayi a kwaya ankabwera awiriawiri. Asodzi ankafika dzuwa litakwera, maukonde atayanika, maso ali ofiira. Tsiku la msika ena ochokera ku Kihagara ankatsamiritsa njinga pa mtengo wa mango n'kufuula ali panjira, "Mzee, yatsani chikuni." Ine ndinkadina pamalo paja, n'kukhala pampando wanga wa nsungwi, foni ili m'thumba la pachifuwa.

Masiku amenewo ndimawakumbukira ngati maloto a masana. Inali nyengo yotentha, mango ali mbuu ndi maluwa, njuchi zikulira m'mwamba. Ndinkatsinzina n'kumaona ngati timoto tating'ono tikutuluka pachifuwa panga, tikuyandama pabwalo, kalikonse n'kukatera m'manja mwa munthu wake. Motowo unali ndi malire ake. Unkathera pamtengo wa mango. Wopitirira pamenepo ankabwerera cham'mbuyo, foni ili m'mwamba, ngati munthu wofuna kumene kukuchokera mphepo. Wina ankaseka yekha, wina ankayankhula ndi mbale wake wa kutsidya kwa nyanja, wina ankang'ung'udza nyimbo. Ambiri sankandiyankhula kwenikweni, maso anali pagalasi. Komabe pofika ankati odi, pochoka ankatsanzika, ndipo nambala ya nyimbo ya mkazi wanga inkayenda pakamwa pa anthu amene sanamuonepo. Nthawi zina ndinkamva ngati iye ali kuseri kwa nyumba akutsuka mbale, akumvetsera, ndipo posachedwa atulukira akupukuta manja pachitenje.

Kenaka kunabwera uthenga wochokera ku kampani ya mafoni. Unali m'Chiswahili, ndipo ndinauwerenga pang'onopang'ono, kawiri. Unkati bando langa ndi la foni imodzi, koma aona kuti likugawidwa ku mafoni ambiri. Ndikapitiriza adzachepetsa liwiro lake, ndipo pambuyo pake adzalitseka. Ndinaganiza kuti mwina ausocheretsa, wolakwa ndi wina. Koma Lamulungu lotsatira nkhope ya mwana wanga inauma pagalasi, pakamwa pali yasa, mawu ake akubwera odukaduka ngati a munthu woitana ali m'bwato kutali.

Ndinapita kwa wakala, woimira kampaniyo, mayi wokhala m'kakibanda kogulitsiramo pafupi ndi doko, n'kumuonetsa uthengawo.

"Pole, baba," anatero. "Ayamba kutsata zimenezi masiku ano. Foni ndi yanu, mutha kubwereka amene mwafuna. Chimene akukana n'kugawira mafoni ena."

"Nanga si anati lopanda malire?"

Anaseka pang'ono. "Lopanda malire kwa inu nokha. Zinalembedwa, koma timalemba take n'tating'ono."

Mphunzitsi wa kwaya atamva, sanaone vuto. Anati kumsika kuli fundi, mmisiri wa mafoni, amene amaikamo kanthu kobisa, kampani osaona kuti moto ukupalidwa.

"Kampani ili ndi maso ngati Mulungu, achimwene? Anthu aja ndi olemera. Inu mukugawira amasiye ndi asodzi. Kupatsa n'kuika."

"Kupatsa chako," ndinatero.

"Aa, mwayamba ulaliki. Mukanakhala abusa tikanafa ndi njala."

Ndinaseka naye, koma nkhaniyo ndinayenda nayo mlungu wathunthu. Sindinkafuna kuti pakhonde pakhalenso zii. Chimenecho ndinkachiopa kuposa kutsekedwa kwa bando, ndipo ndinachita manyazi kudzipeza ndikuyeza nkhope ya mwana wanga ndi mapazi a anthu apabwalo. Kampaniyo sindinaikwiyire kwambiri. Mawu awo aja anali okoma kuposa chimene ankatanthauza, ndipo zimenezo adzayankha okha. Ine ndinali ndi funso langa. Ndikugwada m'tchalitchi ndinakumbukira mmene mkazi wanga ankatsikira kuphiri, mtolo wa nkhuni uli pamutu, thukuta likuyenderera m'khosi. Moto umene ankagawa unali wake, anautola yekha. Ndiponso sankaugawa mobisa. Chikuni chinkakhala poyera, utsi wake aliyense ankauona. Moto wofunika kuubisa sukanakhala uja wa iye, ngakhale nambala yotsegulira inali ya nyimbo yake.

Loweruka m'mawa, anthu atasonkhana, ndinawauza. Ndinati eni ake akana, ndipo sindipita kwa fundi.

"Mzee waopa ndende," anatero msodzi wina.

"Ndende ya chiyani? Waopa mwana wake wa ku Songea," anayankha mnzake, ndipo anaseka.

Mayi wa usipa uja sanaseke. Anakulunga foni yake pakona ya chitenje, n'kunena kuti, "Zikomo, bambo, tinapala." Anatsika pakhonde mwakachetechete. Ena anatsalira pang'ono akuyang'ana magalasi awo, ngati mwina moto ubwerera wokha, kenaka nawonso anamwazikana.

Mizere ya tsache inabwerera. Lamulungu nkhope ya mwana wanga inaoneka bwinobwino, mpaka kachipsera ka pachipumi kamene anagwa nako ali wamng'ono. Anandifunsa chifukwa chake ndinkaoneka wofooka, ndipo ndinati n'kutentha. Mango anayoyola maluwa, timango tating'ono tinayamba kugwa tokha masana, kalikonse ndi kaphokoso kake padothi. Ndinkatiwerenga ndi makutu. Kamodzi ndinafika mpaka pakhomo pa kibanda cha fundi uja, ndinaima, ndinagula sopo pa duka loyandikana nacho n'kubwerera.

Panapita milungu iwiri kapena itatu. Tsiku lina chakumasana ndinamva odi. Anali mayi wa usipa, ali ndi mnzake wa m'kwaya, awiri monga kuyenera.

"Chikuni chinazima, amayi," ndinatero.

"Tikudziwa, bambo. Sitinabwere ndi phale. Tabwera kudzaotha." Anakhala pamphasa. "Mchemwali wanga ku Salima wadwala. Ndimati ndimuone nkhope, ngati mungandibwereke foni yanuyo."

Pamenepo ndinakumbukira mawu a wakala uja, amene ndinawamva koma osawasunga. Ndinatulutsa foni m'thumba n'kuipereka ndi manja awiri. Ndinafuna kuchoka kuti ayankhule momasuka, koma anati ndikhale, ndimupatse moni wodwalayo. Tinaweramira pagalasi limodzi anthu atatu. Kutsidya kuja mayi wowonda anamwetulira ali pamkeka, ndipo kumbuyo kwake tambala analira, tambala wa kwathu, mawu ake n'kudzamveka pakhonde langa.

Mawa lake mphunzitsi wa kwaya anabwera ndi gulu lake kudzaphunzira nyimbo. Anaika foni yanga m'mbale yadothi kuti mawu akule, onse n'kuizungulira, mitu pamodzi.

"Taonani, achimwene, mwatisandutsa nkhuku pa madeya," anatero. "Fundi uja akanatipulumutsa."

"Imbani," ndinatero.

Anaimba. Kale aliyense ankamvera yekha m'manja mwake, tsopano panalibe kuchitira mwina koma kuyambira pamodzi, kulakwitsa pamodzi, n'kubwerezanso.

Si onse anabwerera. A njinga a ku Kihagara sindinawaonenso, ndipo asodzi anapeza kwina kopala. Obwera ndi ochepa, amadikirana, ndipo podikira amacheza nane. Foni ikabwerera m'manja mwanga imakhala yofunda, nthawi zina ikununkhira usipa. Sindiipukuta msanga. Ndimaibwezera m'thumba la pachifuwa, ndipo m'mawa ndisanasese ndimayamba ndaima pakhonde, kuyang'ana mapazi a dzulo pabwalo, kuyesa kuzindikira kuti phazi ili ndi la yani.